Bambo Ndawasiya ku Zeeland

Zwolle,
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Douwe,

Ndikhulupirira muli bwino ku Calgary kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Heather ndi ana. Ine ndili moyo, ngakhale ndinatsala pang'ono kufera pamsewu chifukwa cha inu. Sabata ino mwakhala mukuimba foni, ine n'kumangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Ndikuchitira dala. Ndikanayankha ndikanatukwana, inu mukanati, "Ineke, khazika mtima pansi," monga mumanenera nthawi zonse, ndiye ndikanaimenyetsa kukhoma foni yanga yomwe. Ndasankha kulemba kuti mumve zonse osandidula mawu.

Bambo ali kugombe la nyanja ku Zeeland. Kalavani yawo, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, ili komweko. Ine ndinabwerako ndekha.

Mukudziwa mmene zinayambira. Dokotala wa maso atawaletsa bambo kuyendetsa galimoto, anakhala masiku osadya bwino, akudandaula kuti chilimwe chino kalavani yawo ingochita nkhungu m'shedi. Inu muli kutsidya kwa nyanja munawauza pafoni kuti, "Musadandaule bambo, Ineke akukokerani." Ine simunandifunse. Ndinamvera kwa bambo atagula kale botolo la gasi. Chibadwire sindinakokepo ngakhale kangolo ka zinyalala, ndipo m'kalavanimo ndinali ndisanagonemo, poti anaigula ife titachoka kale pakhomo. Koma ndikanakana bwanji? Amayi tawaika m'manda mu Febuluwale mommuno. Ndinati mumtima, nkhalambayi ikufuna kukalirira mkazi wake kumalo kumene ankapita awiri. Ndinapempha tchuthi kuntchito ndi mtima wachisoni, ndikudziona ngati mwana wabwino.

Tsiku lonyamuka tinapita ku famu kumene kalavaniyo imasungidwa. Ntchito yoyamba inali kubweza galimoto m'mbuyo mpaka kampira kachitsulo ka kumbuyo kafike ndendende pansi pa chokolera cha kalavani. Wondilozera anali bambo, munthu wosaona bwino.

"Bwera! Bwerabe! Kumanzere! Ayi iwe, kumanzere kwanga!"

Ndinangomva kuti gwa! Nambala ya galimoto yanga yapindika.

"Amayi ako zimenezi ankachita kamodzi n'kamodzi," anatero bambo.

Chokolera chija potsika chinandipana chala, moti chikhadabo chake n'chakuda mpaka lero. Cholembera ndachigwira mopendeka, mukhululukire zilembozi.

Achimwene, inu simudziwa mmene zimamvekera nyumba ikamakutsata kumbuyo. Ukayang'ana pagalasi, chikhoma choyera chili pomwepo ngati chikufuna kukukwera. Ndinkayenda pang'onopang'ono, malole akundilizira hutala, msana wanga wanyoweratu ndi thukuta. Pa raundabauti ina tayala la kalavani linakwera m'mbali mwa msewu, ndinamva mbale zikusweka m'kati. Bambo anangoti, "Ukhote motalikira, si njinga imeneyi."

Titadutsa Rotterdam tinafika pamsewu wa pamwamba pa damu uja, madzi uku, madzi uku, mphepo ikuwomba cham'mbali. Lole ina inatidutsa, kalavani n'kuyamba kugwedeza matako. Poyamba pang'ono, kenako kwambiri, mpaka galimoto yonse inayamba kukokedwera uku ndi uku. Ndinaona chitsulo cha m'mbali mwa msewu chikubwera, kuseri kwake madzi okhaokha.

"Usaponde buleki!" anakuwa bambo. "Chotsa phazi pa mafuta! Gwira chiwongolero, usalimbane nacho!"

Sindikudziwa kuti chinatipulumutsa n'chiyani. Kalavani inagwedezeka, kugwedezekanso, kenako n'kuwongoka yokha. Ndinaima pamalo oyamba oimikapo galimoto, kutuluka, n'kusanza pa udzu. Nditabwerera ndinapeza bambo akusuzumira wotchi yawo pafupi ndi mphuno.

"Tiye, tichedwa."

"Tichedwa chiyani, bambo? Akutidikira ndani?"

Anangokonza kolala ya malaya. Apo m'pamene ndinaona kuti malayawo anali atsopano, ndiponso kuti m'galimoto munkamveka mafuta onunkhira amene sindinawamvepo pa bambo. Ndinali wotopa kwambiri moti sindinaganizirepo kanthu.

Pakampu ya makalavani tinafika masana, nthawi imene aliyense amakhala pampando kutsogolo kwa kalavani yake ndi kapu ya khofi. Onse anatembenuza mipando kuti aonere. Malo a bambo ali pakati pa mpanda wa maluwa ndi kalavani ina, ndipo kulowamo kwake n'kwa rivesi. Ndikakhotetsa kumanja, kalavani ipita kumanzere. Ndikakhotetsa kumanzere, ipita kumene yafuna. Amuna anadzuka m'mipando n'kundizungulira.

"Mayi, mukafuna ipite uku, inu pindirani uko!" anatero bambo wina wamimba, amene ndinadzamva kuti ndi a Bram.

"Ayi, awongole kaye! Bram, iwe unagwetsa mpopi chaka chatha, khala chete!"

"Mpopiwo unali pamalo olakwika!"

Onse anaseka. Ine ndinapondanso mafuta, kalavani n'kupindika mpaka ngodya yake inaswa nyale ya kumbuyo kwa galimoto yanga. Misozi inayamba kutuluka, ya mkwiyo osati ya chisoni. Pamenepo m'kalavani ya pafupi munatuluka mayi wina wamfupi, wa imvi zometa, wosavala nsapato.

"Amuna inu, m'malo moimba kwaya pamenepa, imasuleni muikankhe ndi manja! Simukuona kuti mwanayu watopa?"

Anaimasula, kuikankha, nthawi yomweyo inali pamalo pake. Mayi aja anandigwira paphewa.

"Ndiwe Ineke, eti? Ine ndine Riek. Wayesetsa mwanawe. Ine ulendo wanga woyamba ndinagwetsa mpanda wonse."

Anandipatsa khofi ndi keke ya maapozi. Achimwene, ndinawakonda mayi amenewo. Chimenechi n'chimene chikundiwawa kuposa chala. Ndinawaona akutenga chitsulo chotsitsira miyendo ya kalavani pamalo pake osafunsa, akulowa m'kati n'kutsegula kabati ya makapu ngati kwawo, ine n'kumati ndi mmene anthu a pakampu amakhalirana.

Za kukhala m'kalavani sindikufuna kuchulutsa. Tebulo lodyera ndi lomwe limasanduka bedi langa, choncho sindikanagona bambo asanamalize tiyi. Ndikadzuka mutu ugunda kabati, ndikatembenuka chigongono chigwetsa poto. Madzi n'kukatunga m'chigubu. Mvula ikagwa denga limalira ngati akuthirapo miyala, zovala zonse n'kumanunkha chinyezi. Ndinapirira. Ndinaika chithunzi cha amayi pashelefu. Ndinawapempha bambo kuti tipite kugombe kumene amayi ankakonda, iwo anati mawondo akupweteka. Madzulo ake ndinawaona akupita kusitolo, a Riek atawagwira mkono, akuseka mpaka kuima panjira. Ndinati mayiwa ndi achifundo, akutsogolera munthu wa maso ofooka. Onani kupusa kwanga.

Lachinayi m'mawa ndinasolola kathanki ka chimbudzi cha m'kalavani n'kupita nako kotayira. Imeneyonso ndi ntchito imene munandipatsa osandiuza. Kumeneko ndinapeza a Bram akutsuka kawo.

"Eee, dalaivala wathu! Mwaphunzira rivesi tsopano?"

"Ndikuphunzirabe, bambo."

"Musadandaule, mufika. Koma ndinene, simunatengere mayi anu kutalika. Riek ndi kamunthu kotere, inu mpaka uko!"

"A Riek si mayi anga," ndinatero.

Anandiyang'ana, payipi ikuthira madzi pansapato zawo.

"Ooo, ndinu wa banja loyamba? Pepanitu. Ife tinafika pano zaka zingapo zapitazo tikuwapeza ali limodzi, ndiye timangoti a Harm ndi akazi awo. Chilimwe chilichonse kalavani ziwiri, tebulo limodzi. Mchimwene wanu wa ku Canada uja atabwera tinadyera limodzi nkhono za m'nyanja pamenepo. Munthu wanthabwala! Anavina ndi Riek mpaka kugwetsa mpando."

Kathanki kaja ndinakatula pansi bwinobwino. Ndinawathokoza a Bram. Sindikudziwa chimene ndinawathokozera.

Tsopano ndikukumbutseni, poti mwina kutali kumeneko zinthu zimaiwalika. Amayi atachita sitiroko, chilimwe chilichonse bambo ankawabweretsa kwanga kuti iwo akapume ku kalavani. Munali inu amene munati, "Bambo atopa, Ineke, athandize." Tchuthi changa chonse chinkathera pamenepo. Ndinkawasambitsa amayi, kuwasintha, kuwadyetsa ndi kasupuni. Ankandifunsa ndi pakamwa pawo popotoka paja kuti, "Harm ali kuti?" ine n'kumati, "Akupuma, amayi, abwera." Joost, bwenzi langa lija, anandidikira zaka zonsezo kuti tidzapite kwinakwake awiri, mpaka anatopa n'kupita ndi wina. Sindinadandaule kwa munthu. Ndinkati ndikupumitsa bambo anga.

Nditachoka kotayira kuja ndinawapeza bambo atakhala panja pa tebulo, a Riek akuwapakira batala pa buledi.

"Bambo, zinayamba liti?"

Sananamizire kusamva. Anaika mpeni pansi.

"Khala pansi, Ineke."

"Sindikhala. Zinayamba amayi ali moyo?"

"Ali moyo, inde," anatero. "Amayi ako sindinawasiye. Ndinkabwerera kwa iwo chaka chilichonse, ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza. Koma ndinali nditauma, mwananga. Ndinkafuna munthu woti andifunseko kuti ndadzuka bwanji."

"Nanga ine ankandifunsa ndani?"

Anansi a mbali zonse anali atasiya kutafuna.

A Riek ndi amene analankhula. "Mwanawe, sindikupempha kuti undikhululukire. Koma ndinamuuza Harm kuti akuuze musananyamuke. Si bwino kumukoketsa munthu katundu asakudziwa kumene akupita naye."

"Nanga bwanji simunandiuze, bambo?"

Bambo anayang'ana mbale yawo. "Ndinkafuna kukuuza. Douwe anati ndikakuuza sundikokera. Anati ukawaona a Riek ndi maso ako uwakonda, zina zonse zidzatsatira."

Achimwene, mawu amenewo ndi anu. Ndinawamva ngati mukuwalankhula nokha, ndi kaseko kanu kaja. Munakhala pansi ndi bambo n'kupangana za ine ngati mukupangana za bulu: musamuuze kumene akupita, angakane kuyenda. Munadziwa kuti sindinakokepo kalavani. Munadziwa za mphepo ya padamu paja. Munadziwanso amene anali kudikira kumapeto kwa msewuwo, poti munavina naye chilimwe chimene munabwera kuno, pamene munandiuza kuti mukukawedza ndi bambo. Munachoka kumeneko n'kubwera kwanga, kudzawapsompsona amayi pachipumi, kudya chakudya changa, n'kundiuza kuti ndine mngelo.

Ndinalowa m'kalavani, kulonga zovala zanga, kutenga chithunzi cha amayi. Bambo anaimirira pakhomo.

"Ineke, usapite chonchi. Ndibwerera bwanji kunyumba?"

"Mufunse amene anakonza ulendowu," ndinatero.

Ndipo mukudziwa chimene ndinachita ndisanakwere galimoto? Ndinatulutsa mankhwala awo, kuwaitana a Riek, n'kuwafotokozera kuti awa ndi a m'mawa, awa ndi a m'maso, awa asamwe asanadye. Ankandimvetsera akugwedeza mutu, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankawadziwa kale. Ndikaganiza zimenezo ndimadzikwiyira ndekha. Ngakhale pochoka mokwiya ndinali ndikugwirabe ntchito yanga.

Galimoto inapepuka moti ndinkangoyang'ana pagalasi ngati ndataya kanthu. Ndinafika kuno madzulo, ndinasamba nthawi yaitali, koma tulo sindikugona bwino mpaka pano.

Bambo aimbapo kamodzi. Sindinayankhe. Anasiya uthenga wofunsa ngati ndinafika bwino, ndiponso wondikumbutsa kuti ndikakonzetse nyale ija apolisi asanandigwire. Mawu awo anali a munthu wokalamba kwambiri. Iwowo mwina tsiku lina ndidzatha kukhala nawo pansi, sindikudziwa. Anali ndi mkazi wodwala ndipo anafooka. Koma inu, achimwene, simunali wotopa, simunali nokha, simunasambitsepo munthu. Inu munangoona kuti n'kosavuta.

Kampu ija imatseka kumapeto kwa Seputembala, ndipo eni ake safuna kalavani yotsalira. A Riek alibe galimoto yokokera, kalavani yawo amawakokera mwana wa mchemwali wawo. Ine sindipitako. Musanditumizire maluwa, musawatume alamu kuti andinyengerere. Gulani tikiti mubwere mudzatenge bambo anu ndi nyumba yawoyo. Kwanga musafikire. Ndikadzafuna kukuonani ndidzakuuzani.

Lamlungu ndinapita kumanda. Ndinazula udzu, kusintha madzi a maluwa, n'kukhala pabenchi nthawi yaitali. Kawirikawiri ndimawauza amayi zonse za sabatayo. Ulendo uno ndinangowauza kuti kunyanja kunali mphepo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Heather, iwo sanandilakwire kanthu, pokhapokha ngati nawonso ankadziwa. Ngati ankadziwa musandiuze. Marit ndi Tobias muwapsompsone m'malo mwanga, muwauze kuti azakhali awo amawakonda, ndipo phukusi la tsiku lobadwa la Marit lili m'njira monga mwa chaka chilichonse. Inuyo moni wanga mudikire kaye.

Ndine mlongo wanu amene ankatsala ndi amayi,

Ineke