Dzina la mwana wanga

Lachinayi, mwezi wa Julaye, Mzimba. Kwazizira tsiku lonse, m'nyumba muli zii.

Ambuye mundikhululukire, lero ndanama. Ndinauza amayi a chipani kuti mutu ukundipweteka, sindipita kokayeseza magule. M'malo mwake ndinapita kuchipatala kwa anamwino aja, a NyaJere, amene anandisamalira nditabereka mwana wakufa mu Meyi. Kwathu ku Dedza mtayo sitiulira. Azimayi amakaika okha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikuphunzitsa kusukulu ngati palibe chinachitika.

Ndinawaululira zimene sindinauzepo ngakhale abusa, kuti mimbayo poyamba sindinaifune, ndipo ndimaona ngati Mulungu anandilanga.

Sanandidzudzule, sananditsegulirenso vesi. Anangoti, “Mama, kuopa si kupha yayi. Munali nokha chomene. Kodi mwanayo mukanamutcha ndani?”

Palibe anandifunsapo zimenezo. Ndinalira mpaka mpango kunyowa, iwo atandigwira dzanja. Akuti ndibwerenso Lachinayi likudzali.

Dzina lake ndi Tadala. Aka n'koyamba kulilemba. Bambo ake ali kuntchito ku Jenda, sakulidziwa. Mawa ndiwalembera kalata, ngati mtima ungandilole...