Mphero ya Amayi Ili Pansi pa Madzi

Kwa Chiwalo,
Phalombe.
9 Okutobala 2002

Okondedwa achemwali anga a Belita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bangweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino kopitirira muyeso, ndanenepa moti bwato likumadandaula ndikakweramo. Musadabwe ndi kutalika kwa kalatayi. Cholemberachi ndabwereka kwa munthu wa ku yunivesite, ndiye chikungothamanga chokha.

Eetu, mlongo wanu uja munkati sitandade faifi inamukana, lero akuphunzitsa anthu a madigiri. Mu Epulo kunabwera mtsikana wina, a Margret, amene akuphunzira za kakhalidwe ka anthu akumidzi: amalima kuti, amatunga kuti, amaika kuti maliro, ndipo chifukwa chiyani. Akuti imeneyonso ndi sukulu! Ndinawauza kuti mayi, zikanadziwika kale zimenezi bwenzi kwathu kuno mbuzi zomwe zili ndi satifiketi.

Ankajambula mapu a dera lathu lonse, tchalitchi, manda, mijigo, minda. Atafuna kuona dambo la kunyanja, anafunsa munthu wodziwa bwato. Mudzi wonse unaloza ine. Chabwino, analoza Eneya, msodzi mnzanga uja, koma Eneyayo anali ndi malungo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi, ndipo ngati muli ndi chinthu chotentha m'manja muyambe mwatula.

Titafika kumunsi kwa mgwalangwa wopindika uja, a Margret anayang'ana madzi n'kufunsa kuti, "A Dyson, pansi pa madzi pano alipo amene analimapo?" Inu mumandidziwa ndikaona munthu watchera khutu. Ndinati, "Pano? Chilengedwere dziko ndi madzi okhaokha. Amuna atatu kusanjikizana, wachinayi ndiye angaoneke chipewa. Amafika pano ndine ndi mvuu basi, mvuuzonso zimayamba zandipempha." Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine n'kumati nthabwala yamveka. Osadziwa kuti anthu ophunzira amaseka ndi pakamwa dzanja likulemba.

Achemwali, bwato linali litaima pamwamba pa munda wa amayi. Mufunsa ngati ndinkadziwa. Ndinkadziwa pang'ono.

Mwezi watha anabweranso kudzationetsa mapuwo pabwalo la sukulu. Dambo lonse analipaka buluu, n'kulembapo kuti ndi madzi, palibe wolima. Ndiye mukudziwa kuti masiku a matipate ano munthu amagona wamba n'kudzuka ali tcheyamani. A Sitima, aja anakwatira kwa Aliness, ndi tcheyamani wa kalabu ya mpunga. Aona kuti madzi akuphwa chaka chino, ndipo akufuna kudula dambolo m'mapuloti mvula isanagwe. Ananyamula pepalalo m'mwamba ngati mbendera. "Mwaona? A ku yunivesite akuti palibe mwini!"

Ndinaimirira. Ndinati pamenepo pali munda wa malemu mayi anga, umene anasiyiridwa ndi mayi awo, ndipo mwini wake lero ndi achemwali anga. Madzi anangoubwereka, sanaugule.

A Sitima anatembenukira kwa a Margret. "Mayi, anakuuzani ndani kuti sipalimidwa?" Mtsikana uja anatsegula kope lake n'kuwerenga mawu anga onse, osasiya ngakhale mvuu imodzi. Anthu anaseka mpaka ana a sukulu kutuluka m'makalasi. A Sitima akupukuta misozi anati, "Ndiye tikhulupirire Dyson uti, wa Epulo kapena wa lero?"

Ndinati, "Wa Epuloyo ndi wabodza. Ndimamudziwa bwino, timafunda bulangete limodzi. Koma wa leroyu simumusuntha. Ndipatseni masiku atatu."

Mukukumbukira mphero ya amayi imene inasweka pakati? Chaka chija nyanja inauma amayi anati kudambo kulibe miyala, mitengo imaola, ndiye malire akhale mpheroyo, chidutswa china uku, china uko. Ndinapita kukaifuna ndi mapazi. Amuna atatu osanjikizana aja anathera m'chiuno mwanga. Ndinapondaponda matope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, misundu ikuchita phwando pamiyendo panga. Ndinachotsa zikwi ziwiri, ina yaikulu ngati chinangwa. Mlamba unandibayanso kuphazi, koma si kanthu, ndikungoyenda mwaulemu ngati bwana.

Tsiku lachitatu chala chinagunda chinthu cholimba. Ndinasisita ndi chidendene, n'kumva kulowa kuja kumene amayi ankaperapo mawere. Ndinaima pomwepo kanthawi ndithu. Madzi a Chilwa ali ndi mchere, mukudziwa, amawawa m'maso.

M'mawa mwake ndinaitana onse, mabwato asanu. A Sitima anakhala m'bwato atavala jekete, n'kuti, "Itulutse tiione."

Ndinati, "Ayi."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti si bodza lina?"

"Tsikani mudzaponde."

"Ine tcheyamani ndilowe m'matope? Tulutsa mwalawo, iwe!"

Ndinati, "A Sitima, ndine wabodza koma si chitsiru. Mukufuna ndizule malire ndi manja anga, mawa muzidzati mwala ndinakautola kuphiri la Michesi. Mphero iyi anaikapo ndi amayi, ndipo ichoka pano ine nditatsogola kumanda."

Kenaka ndinangoona a Margret akuvula nsapato, kumanga chitenje, khuvuu m'madzi! Munthu wa ku yunivesite, achemwali, matope mpaka m'mawondo, madzi m'chiuno. Ndinawagwira dzanja, anaponda, anasisita, n'kunena mokweza kuti, "Ndi mphero, ndipo ndi yosweka mbali imodzi." Kenaka anati, "Kulakwa ndi kwanga. Ndimadziwa kuti kuno minda imayenda kuchikazi, koma za dambo ndinafunsa mwamuna mmodzi, pa anthu onse n'kusankha uyu." Mawu otsirizawo sanandisangalatse, koma ndinawakhululukira.

Ali m'madzi momwemo anafunsa azimayi amene anali m'mabwato ngati alipo ena ali ndi malire pansipo. Wina anati khasu lakutha, wina mwendo wa bedi lachitsulo. Womaliza kuyankha anali Aliness, mkazi wa tcheyamani mwiniwakeyo: "Ifenso mayi anakwirira mtsuko cha uko." Mukanaona nkhope ya a Sitima! Jekete inawakulira pomwepo.

Koma munthuyo ndi wouma mutu. Akuti mwala umodzi si munda, ndi mwala basi. Akutinso ine ndine mwamuna, kwanga n'kumene ndidzakwatire, ndilibe pakamwa pa nthaka ya mbumba. Mwini wake abwere yekha adzaloze chidutswa chinacho pofika Loweruka pa 26 mwezi uno, apo ayi kalabu iyamba kukhoma zikhomo kuyambira pamphero yanga. A Margret akuti akonza mapu, koma sangajambule munda wa malire amodzi.

Ndiye nkhani ndi iyi. Chidutswa chinacho sindikudziwa pamene chili. Ndafuna sabata yonse. Tsiku lija munkasenza mpheroyo ndi amayi, ine ndinati msana ukundipweteka. Sunkapweteka. Ndinali pa bawo kwa a Phillip, ndipo ndinadyedwa. Amayi anadziwa, koma madzulo anandithowabe msanawo ndi madzi ofunda.

Pamaliro a amayi paja munandiuza kuti pakamwa pangapa padzatidyetsa munda, ndipo chichokereni simunapondenso kuno. Zaka zinayi tsopano. Sindikuti munanena zoona, ndikungoti munayandikira. Mukafika munditukwane mpaka mawu athe, ndidzakupatsani ndi mpando womwe. Koma a Sitima asaone mpunga wawo pamunda wa amayi ine ndili ndi miyendo, ngakhale umodzi ndi theka.

Mukatsika basi pa Phalombe mudzandipeza ndi njinga. Ndaika katsamiro pakaliyala, poti anthu a m'tauni mafupa anu ndi a buledi. Musavutike ndi shuga kapena sopo, mungobweretsa mapazi anuwo, ndi amene akudziwa njira.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti akubwerekeni masiku awiri okha. Ana muwauze kuti amalume awo analimbana ndi mvuu n'kupambana. Mubwere ndi mwana wanu Fanny ngati sukulu ilola, adzaponde nawo mwalawo, poti mawa mundawo ndi wake.

Pamphero paja ndazikapo nsungwi, ndamangirirapo duku la amayi lobiriwira lija munalisiya pakhoma. M'mawa uliwonse ndimapita kukaimapo, kuti aliyense wodutsa aone kuti pali munthu. Mbali yangayi ndagwira, achemwali. Mbali inayo palibe woimapo.

Ndine mlongo wanu wokhulupirika kuyambira mwezi watha,

Dyson