Ndinawachepetsera Liwiro Amalume

Keokuk, Iowa
16 Novembala, 1921

Okondedwa achimwene a Torvald,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Signe ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti zala zikumauma m'mawa ndi chisanu chayambachi. Chikhoti munatumiza chija chinafika, zikomo, koma achimwene, munkayesa ndanenepa ngati ng'ombe? Ndimalowamo ndi mpando womwe.

Ntchito ndi yomwe ija, kuliza piyano m'munsi mwa siteji. Chimene sindinakuuzenipo n'chakuti Lolemba lililonse ndimakhalanso woweruza. Bambo Pruitt, eni nyumba ya zisudzoyi, kale ankagulitsa nsapato, ndipo kuimba ndi kulira kwa mphaka kwa iwo n'chimodzimodzi. Ndiye pa chionetsero cha masana, osewera atsopano akamadutsa, oimba, anthabwala, oponya mbale m'mwamba, ovinitsa agalu, iwo amaima m'mbali mwa katani n'kumandiyang'ana ine. Ndikagwedezera mutu, munthuyo agwira sabata yonse. Ndikapukusa, amakachotsa zithunzi zake pakhomo n'kumubwezera m'manja. Palibe cholankhula. Wobwezeredwa zithunzi amadziwa yekha njira ya kusiteshoni.

Sindiweruza ndi mtima wanga ayi, ndimamvetsera anthu kumbuyo kwangaku. Akasiya kutafuna mtedza, ndiye kuti zakoma. Akayamba kutsokomola ndi kusuntha mipando, kwatha. Koma pitani mukawauze zimenezo osewerawo! Amanditcha Mayi Nkhwangwa. Kunyumba ya alendo kumene ndimakhala, mipando iwiri yoyandikana nane patebulo imangokhala yopanda munthu, mchere womwe ndimachita kunyamukira. Ndazolowera, musadandaule.

Tsono Lolemba lapitali ndikufika m'mawa, ndinaona chithunzi pakhomo, n'kuima pomwepo. Amalume a Gustaf! Chithunzi chomwe chija cha chipewa chachitali, anajambulitsa ife tikadali ana, atangotitenga amayi atamwalira. Nditalowa ndinawapeza akhala pa bokosi lawo, akupukuta nsapato zawo zovinira za matabwa kunsi. Achimwene, amalume akalamba. Tsitsi mbuu, khosi langokhala mitsempha yokhayokha.

"Hulda, mwana wa mlongo wanga!" anakuwa choncho, anthu onse akumva. "Akuti kuno ndiwe ukudula anthu makosi? Iwe amene unkalira ukaona mbewa?"

Anandikumbatira pamaso pa onse. Masana tinadya limodzi mbatata ndi nyama ya nkhumba, iwo pa mpando wopanda mwini uja, akunena nthabwala zawo zakale mpaka ndinatsamwa. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinaseka patebulo limenelo.

Chionetsero chitayamba, anatuluka achiwiri. Nyimbo yawo ndi yomwe ija yothamanga, imene anandiphunzitsa okha ndi sipuni m'manja. Atangogogoda mapazi kangapo povina ndinamva kuti phazi lakumanzere likutsalira. Nanga mukanakhala inu mukanatani? Ndinachepetsa liwiro pang'onopang'ono, ngati mmene umayendera ndi mwana wophunzira kuyenda. Pamene phazi laphonya ndinkamenyapo piyano mwamphamvu kuti pasamveke. Anamaliza. Anthu anaomba m'manja mwaulemu chabe, ena akutsokomola. Bambo Pruitt atandiyang'ana, ndinagwedezera mutu.

Ndinkati ndachita zanzeru. Ndikusonkhanitsa mapepala a nyimbo, ndinangomva nsapato kumbuyo kwanga, go, go, go.

"Iwe, wakuuza ndani kuti undichepetsere nyimbo?"

"Sindinachepetse, amalume."

"Usandinamize, khutu limenelo ndinakupatsa ndine. Wandiimbira nyimbo ya maliro ndili maso! Dzulo lomweli unabwezera zithunzi mnyamata wa ana awiri, andiuza anzangawa. Iyeyo unamuchepetsera?"

Mnyamatayo anali wa sabata yatha, koma zinali zoona.

"Madzulo ano uimbe mmene ndinakuphunzitsira," anatero. "Mapazi akakwanitsa, akwanitsa. Akalephera, upukuse mutuwo monga umachitira ndi wina aliyense. Ukandimveranso chisoni, ine si malume ako."

"Nanga mukapita kuti?"

"Zimenezo si za woliza piyano."

Achimwene, ndinapemphera kuti katani ikane kutseguka, kapena magetsi azime. Palibe chinachitika. Anthu anadzaza, a ku fakitale ndi akazi awo. Amalume anatuluka atavala chipewa chija, nandiyang'ana kamodzi, ine n'kuyamba. Ndinaliza liwiro lake lenileni, osachotsapo kanthu.

Poyamba anali amalume athu aja. Mapazi ankalankhula, munthu mmodzi kumbuyo mpaka anaimba mluzu, ine mtima unati mwina. Kenaka phazi lija linatsalira. Anayesa kulithamangitsa, linzake nalo n'kusokonekera. Ndinkamva kupuma kwawo kuchokera pamene ndinakhala. Zala zanga zinkafuna kuwadikira, koma ndinazikaniza, misozi ikugwera pa piyano. Pakati pa nyimbo anaima. Anavula chipewa, nawerama bwinobwino monga amachitira kale, n'kutuluka akuyenda. Oonera sanawakuwize, sanawaseke. Anthu anangoyambiranso kutafuna mtedza wawo.

Bambo Pruitt anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu.

Zithunzi sindinalole kuti akachotse iwo, ndinakachotsa ndekha. Ndinawapeza amalume atavula kale nsapato, mapazi atatupa. Analandira zithunzizo ndi manja awiri, naziyang'ana nthawi yaitali.

"Eya," anatero. "Kuimba ndiye kumeneko. Dzanja lamanzere lokha ukadalilemetsabe pa piyano."

Ndinawapempha kuti akhale nane, chipinda changa n'chachikulu, ine ndikhoza kugona pansi. Anaseka. "Ndizikhala pakhomo n'kumaona anzanga akulowa? Ayi mwanawe. Ku Omaha akundidikira, ntchito ili mbwee." Dzulo m'mawa ndinadzuka kuti tidye limodzi, koma mayi wa nyumba anati anyamuka kale. Sanagogode pachitseko changa.

Za ku Omahazo ndi bodza. Wonyamula katundu kusiteshoni wandiuza kuti bokosi lawo analilemba Duluth, kwanuko. Ndiye ndikukupemphani, achimwene, muziyendera kusiteshoni masiku ano. Mukudziwa mmene alili, atha kufika pachipata chanu n'kubwerera osagogoda. Mukawaona, muchite ngati mwangokumana nawo mwangozi. Musawafunse za kuvina, ndipo ana asawaumirize kuti awavinire. Alamu aziwaikira madzi ofunda a mapaziwo madzulo, azikana koma aziika basi. Za kalata ino asadziwe.

Kuno osewera amva zonse. Tsopano akuti Nkhwangwa inadula ndi malume ake omwe, ndipo akandiona m'khonde amasiya nkhani. Sindiwaimba mlandu. Mwina ndinachita bwino, mwina ndinalakwa, palibe wina kuno woti n'kumufunsa. Ndili ndekha, achimwene, ndipo sabata ino ndazimva kwambiri.

Moni kwa alamu a Signe. Moni kwa Ingrid ndi Pelle, muwauze kuti azakhali awo akuwakumbuka tsiku lililonse. Amalume musawapatse moni wanga. Mungondilembera, ngakhale mizere iwiri, ngati afika bwino, ngati akudya, komanso ngati tsiku lina, popanda wowafunsa, atchula dzina langa.

Ndine mlongo wanu,
Hulda