Chipepeso pa Imfa ya Bambo Onofrio Cangemi, Amene Anativula Nsapato

Kwa Mayi Nunziata, ana awo Liborio ndi Agata, banja lonse la a Cangemi, ndiponso anthu onse a m'dera lathu la kudoko kuno ku Palermo,

Ife a Bungwe la Onyamula Chifanizo cha Amayi Maria a Asodzi tadzidzimuka ndiponso tasweka mtima pomva kuti Bambo Onofrio Cangemi, amene ankatsogolera mdipiti wathu ndi kabelu kawo ka m'manja, atisiya Lachiwiri m'mawa atadwala nthawi yaitali. Ngakhale tinkawaona akufooka, mitima yathu inali isanavomere, pakuti munthu amene mawu ake ankamveka kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kumsika wa nsomba, sitinkaganiza kuti tsiku lina adzakhala chete.

Malemuwa anali mmisiri womanga, ndipo manja awo atsala m'makoma a nyumba zopemphereramo za m'dera lino. Ndi iwo amene anatseka mng'alu wa denga la katchalitchi kathu pamene mvula inkadonthera paguwa. Asilamu a ku Tunisia atapeza nyumba yakale yosungiramo maukonde kuti ikhale mzikiti, ndi iwo amene anaumba kamphako ka m'khoma koloza ku Maka, ndipo anakagumula kawiri mpaka eni ake atakhutira. Ahindu a Chitamili atapempha thandizo m'chipinda chawo chopemphereramo, anawakonzera kangalande kotulutsira madzi ndi mkaka zimene amasambitsira milungu yawo. Sitinganame kuti anali munthu wofatsa. Khoma lomanga mnzawo sankalidutsa osalipezera chifukwa, ndipo ambirife tinakalipiridwapo pagulu, koma amene anakalipiridwa kwambiri ndi amene akulira kwambiri lero.

Chimene tidzawakumbukire nacho koposa ndi chaka chimene katchalitchi kathu kanatsala pang'ono kutsekedwa. Anyamata athu anali atapita kukagwira ntchito kumpoto ndi ku Jeremani, ndipo otsalafe sitikanatha kusenza nsanja yolemera ija imene chifanizo chimakhalapo. Tinauzidwa mosapita m'mbali kuti tchalitchi chopanda chikondwerero chake chilibe chifukwa chokhalira chotsegula. Bambo Onofrio anapita kukaitana Bambo Thavarasa, Mhindu wogwira ntchito yophika, pamodzi ndi anzawo, kuti adzatithandize kusenza. Bambo Epifanio, mkulu wa bungwe lino amene anakulira limodzi ndi malemuwa, sanabise mawu.

"Onofrio, wapenga kodi? Anthu osabatizidwa anyamule Amayi?"

"Ndodo yangayi imayeza mapewa, achimwene, siyeza ubatizo," anayankha motero akuonetsa ndodo imene ankafoletsera onyamula kuti mapewa alingane. "Anthuwa amakwera nafe phiri kukapemphera kwa Rozaliya Woyera chaka ndi chaka. Kapena unyamula wekha ndi msana wakowo?"

Anatiyeza tonse tsiku la chikondwerero lisanafike, naika alendowo kumanzere, ife kumanja. Chimene sanachiganizire n'chakuti anatiyeza tili m'nsapato zathu zantchito, zokhuthala kuphazi. Tsikulo litafika, a Thavarasa ndi anzawo anavula nsapato pakhomo monga mwa mwambo wawo. Kabelu katalira, tinadzutsa nsanja, mbali ya kumanzere n'kutsika, ndipo titafika pamasitepe chifanizo chinapendekeka mpaka amayi amene anali panja anakuwa. Bambo Onofrio analiza kabelu kuti titule.

"Ndinanena ine!" anafuula a Epifanio. "Avale nsapato anthuwa, atigwetsera Amayi!"

"Pepani bambo," anatero a Thavarasa, "koma Amayi ali paphewa, ine ndili m'nsapato? Mayi anga kwathuko atamva angandikane."

Tonse tinadikira kuti Bambo Onofrio akalipe. M'malo mwake anakhala pamasitepe n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zawo.

"Vulani nonse," anatero. "Agogo athu ankayenda chonchi pokwaniritsa malumbiro awo, ife tayambira liti kudziyesa mabwana? Epifanio, vula, masokosi obookawo tinawaona kale."

Tinavula, mapewa n'kulingana. Koma njira ya mdipiti imadutsa mumsika wa nsomba, mmene mumakhala minga, mamba ndi mabotolo osweka. Apa ndi pamene Bambo Moncef, Msilamu wogulitsa nsomba, anatulukira kutsogolo kwa benchi lawo.

"Chifanizocho ine sindinyamula, mukudziwa chipembedzo changa sichilola," anatero. "Koma msewu ndingatsuke. Bweretsani nsapatozo kuno, palibe angabe zonunkha chonchi."

Kuyambira tsiku limenelo mwambo wathu unakhala wotere: Asilamu amatsuka msewu ndi mapaipi a mumsika n'kutisungira nsapato pamabenchi awo, Ahindu amasenza kumanzere, ife kumanja, ndipo tikafika pakhomo la mzikiti, Bambo Onofrio ankakweza dzanja kuti oimba malipenga akhale chete mpaka titadutsa. Palibe amene anasiya chikhulupiriro chake, ndipo katchalitchi kathu sikanatsekedwe.

Pa chikondwerero cha chaka chatha, malemuwa anagwa titangobweza chifanizo m'tchalitchi, ndipo anatengeredwa kuchipatala osavala nsapato. Kuyambira pamenepo sanayendenso mumsewu. Inu Mayi Nunziata mukukumbukira kuti mutatuma mwana wanu Agata kukatenga nsapatozo, a Moncef anakana nazo. "Auzeni adzatenge okha," anatero, "ndikufuna ndiwaone akuyenda."

Mayi, dzulo titabwera kudzakhuza maliro, simunatifunse za maluwa kapena za manda. Munagwira dzanja langa n'kufunsa kuti, "Rosolino, nanga chaka chino Amayi atuluka? Anthu aja ankabwera chifukwa cha iye." Mantha omwewo analinso mwa ine. Tonse tikudziwa kuti chifanizo chikapanda kutuluka chaka chino, khomo la tchalitchi chimene munamangitsiramo ukwati wanu lidzatsekedwa.

Lero mamembala akumana, ndipo yankho ndikulipereka pamaso pa onse. Woyamba kufika anali Bambo Epifanio, nsapato zili m'manja kuchokera kunyumba. Bungwe lawapempha kuti atenge kabelu, ndipo avomera ponena kuti, "Belu ndiliza, koma ndodo mupatse Thavarasa, maso angawa angatigwetsere Amayi zenizeni." A Thavarasa alandira ndodoyo ndi manja awiri, ndipo atiuza kuti anzawo onse adzabwera. Chaka chino Amayi atuluka.

Choncho, m'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndiponso m'malo mwa anansi athu a kumzikiti ndi a kukachisi wa Ahindu amene andipempha kuti ndiwayankhulire, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Mayi Nunziata, kwa ana anu ndi kwa abale onse. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, akulimbitseni mtima nyumba ikadzakhala zii alendo atabalalika, ndipo alandire mtumiki wake mu mpumulo wosatha. Tikupempha kuti mutilole tinyamule bokosi lawo mawa monga mmene iwo anatiphunzitsira, kudutsa njira yomwe ija. A Moncef ndi anzawo ayamba kale kutsuka msewu.

A Moncef ali ndi pempho limodzi kwa banja, ndipo achita manyazi kulinena okha. Nsapato zija akuti ngati mukuzifuna azibweretsa lero lomwe, atazipukuta. Koma ngati mungalole, akufuna zikhalebe kwa iwo, kuti tsiku la chikondwerero tikamavula zathu, azidzaziika poyambirira pa benchi, pamalo pamene mwini wake ankazisiya.

Ine wanu pachisoni chimenechi,

Rosolino Tumminello
Wapampando, Bungwe la Onyamula Chifanizo cha Amayi Maria a Asodzi