Mbuzi ya ku Brampton

Scarborough, Toronto
9 Malichi 1992

Okondedwa achimwene a Webster,

Ndalemba "okondedwa" chifukwa ndi mmene amayi anatiphunzitsira kuyamba kalata. Kuno chisanu chikadalipo, ntchito ya unamwino ndi yomwe ija, ndipo mwana wathu Mwiza wayamba kutiyankha m'Chingerezi chokhachokha. Uthenga wanu ndaumva, woti mukubweranso mu Meyi ndipo anzanu aja akufuna kudzadyanso kwathu. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo chifukwa chake muchimve bwino.

Mu Okutobala munafika ndi suti yanu ya ku unduna wa zakunja ku Lusaka, nkunena kuti muli ndi anzanu atatu, wa boma la Canada, wa Britain ndi wa America, ofuna podyera nkhomaliro mwakachetechete, popanda mataye, popanda wolemba. Ndinasangalala ngati chitsiru, mpaka kukabwereka mipando kutchalitchi. Simunandiuze kuti nkhani yake inali ya Walvis Bay, doko lija azungu a ku South Africa analikakamira pomwe Namibia amalandira ufulu. Munkadziwa bwino kuti kumeneko nkwawo kwa alamu anu a Laban, kuti anathawako ali mnyamata apolisi akuwasaka, ndiponso kuti sangapondeko mbendera ya azungu aja ikadali m'mwamba. Munkadziwanso kuti mayi awo anali chigonere.

Alendo asanavule nkomwe majekete, munaitanira a Laban pakhonde nkuwauza kuti nyama ya mbuzi yabwino imapezeka ku Brampton kokha. Ku Brampton, kutali konse kuja, pa basi, Loweruka. Mwamuna wina akanakufunsani kuti nyumbayi ndi ya yani. Koma a Laban mwambo wathu anauphunzira ku Chadiza pondikwatira, ndipo anaugwira kuposa ife eni ake, kuti mkamwini satsutsana ndi mwini mbumba. Inu munadalira zomwezo. Anavala chipewa chawo nkunyamuka.

Ine ndinatsala ndikuperekera mbale, makutu ali tcheru. Wa ku Britain ankati a ku Pretoria asapanikizidwe panopa, ali ndi zambiri pamutu. Wa ku America ankavomera nkhuku yanga ili kukamwa. Wa ku Canada, waulemu uja, ankati doko silithawa. Ndinadikira kuti inu, Mwafirika yekhayo patebulopo, munenepo kanthu. Munapukuta pakamwa nkuti, "Ifenso tikawanong'oneza anzathu a ku Windhoek kuti afatse. Kwathu timati kuona maso a nkhono nkudekha."

Munawamasulira mwambiwo, iwo nkuseka, wina mpaka kupempha kuti muubwereze. Ndinapsa mtima moti ndinalowa kukhitchini kukaima pasinki madzi akungotayika. Ngakhale ankhoswe kwathu akamakamba za banja, eni ake amakhala pafupi poti aitanidwe. A Laban anabwera alendo atapita kale, mwendo wa mbuzi uli m'pepala, nkumapepesa kuti achedwa. Inu munawasisita paphewa.

Ndikudziwa munena kuti ndinu munthu wamng'ono mu unduna, kuti nkhomaliro imodzi sisuntha doko. Mwina nzoona. Koma munthu akanakhala pampando wake m'nyumba mwake, nkuwauza azungu aja kuti kumene akuti kudikireko kuli mayi wodwala amene sanaone mwana wake chithawireni. Mwina mmodzi wa iwo akanamupezera njira yokawaonera. Zimenezo sitidzazidziwanso.

Apongozi anga anamwalira mu Febuluwale. Maliro a Laban anawamvera pafoni, ali chiimire m'khitchini, mlongo wawo atalozetsa foniyo pabalaza kuti amveko nyimbo. Zitatha anavala nsapato zawo zantchito nkupita kukanyamula makatoni. Mpaka lero sindinawauze zomwe zinakambidwa patebulo lawo. Ndikuopa kuti angakukhululukireni, ndipo zimenezo sindingathe kuzionerera.

Choncho anzanuwo muwapezere hotela. Inunso mupeze malo komweko.

Mupereke moni kwa alamu anga a Tiyanjane ndi ana onse. A Laban andipeza ndikulemba, ndipo ati ndikuuzeni kuti zikomo kwambiri chifukwa cha khadi lachipepeso, komanso kuti chipinda chanu achipenta kale. Moni wawo ndi umenewo, ndaupereka monga andituma. Wanga musaufunefune m'kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Mathilda