Mzere wa Bambo a Sara

Limbuli, Mulanje
7 Malichi 2024

Okondedwa Achemwali Arminda,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Mocubako. Ife kuno tadzuka, kudzuka kwake komweko. Mwandifunsa chifukwa chimene ndikukanirabe kuti apongozi aike thunthu la nthochi m'manda, poti thupi la amuna anga, bambo a Sara, silinapezeke chipitireni napolo uja chaka chatha. Pafoni mawu amandithawa, ndiye ndati ndilembe.

Ntchito yanga simunaimvetsepo, mumangoti ndimalipidwa poonera kanema. Simunanametu kwenikweni. Kampani yathu inaika makompyuta otchedwa maseva m'masukulu a m'munsi mwa phiri, ndipo ine ndimakhala mu ofesi kuyang'ana mizere yake pa sikirini. Seva ikayaka mzere umakwera, ikazima umagwa. Pakona pali posankhira nthawi yomwe ukufuna kuona: ola lapitali, sabata, mwezi, mpaka chaka.

Amene ankasamala seva ya pasukulu ya kwawo ndi alamu anu, bambo a Sara. Ankagona kumudzi komweko n'kumaiyatsa m'mawa uliwonse, ndiye ine ndili kuno ndinkadziwa kuti bambo adzuka. Lolemba mzere unkakwera dzuwa litatentha kale, ndipo ndikawafunsa ankati sola inali ndi fumbi. Fumbi lake tonse tinkalidziwa, linali la m'botolo la Lamulungu.

Tsiku la napolo mzere unakwera molawirira kuposa masiku onse, mvula ikukhuthuka. Anthu amati anapita kukatsegulira makalasi anthu othawa madzi. Kenaka unagwa, ndipo sunadzukenso.

Poyamba ndinkasankha sabata, n'kuwaona. Sabata itadutsa panangoti mbee, ndinasankha mwezi. Kenaka miyezi itatu, kenaka isanu ndi umodzi. Pano ndili pa chaka, ndipo kuseri kwa chaka kulibe kothawira, chifukwa pulogalamuyi imafufuta yokha zonse zopyola pamenepo. Zakale imazisalazanso, moti Malolemba aja sakuonekanso, masiku onse angofanana. Bambo a Sara atsala kachidutswa kumanzere kwa sikirini, kochepa ngati chikhadabo, ndipo m'mawa uliwonse ndimapeza kadyeka.

Ndinapempha abwana athu, a Juma, kuti atalikitse nthawi yosungira. Anandimvera chisoni, koma anati zimenezo amasintha ndi a ku likulu ku Blantyre, komanso malo osungira anadzaza. Atatuluka anabwereranso, n'kuima pakhomo.

"Mayi a Sara, mzere uja si munthu," anatero.

"Ndikudziwa, bwana. Nanga munthuyo ali kuti?"

Anatembenuka n'kumapita, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Inu mudzati ndingojambula ndi foni. Ndinajambula kale, koma chithunzi chimaima pomwepo. Pa sikirini pokha m'pamene kumanja kumatsala kampata koti mzere ungakwerenso, ndipo kampata kameneko ndi komwe ndakhala ndikuyang'ana chaka chonsechi. Ndikudziwa kuti n'kupusa, sukulu yakeyo inakwiririka ndi miyala. Ndatopa, achemwali, mtima wanga ulibenso pogwira.

Lachitatu likudzali chaka chikwana, kachikhadabo kaja kagwa. Apongozi ndawauza kuti nthochi adule Lachinayi, asafulumire ndi tsiku limodzi lomwe. Anangovomera ndi mutu, sanafunse chifukwa. Ngati mungathe bwerani mudzandigwirire Sara kumandako, poti wayamba kale kufunsa kuti nthochi yalakwa chiyani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Sara akuti moni, akutinso musaiwale chitenje cha kapulana munamulonjeza chija. Pano ndi pomwe ndinazolowera kulemba kuti bambo akenso akupereka moni. Dzanja linayamba lokha, ndiye mukaona pofufutapo musadabwe.

Ndine mng'ono wanu,
Dainess