Intaneti Yandiika M'manda

Lolemba, 2 Juni 2025
Sabata yachitatu foni ili zii. Nyengo ngati ino ndinkakwera phiri kawiri pa tsiku kuonetsa alendo zojambula za m'mapanga a Chongoni. Lero ndaperekeza mbuzi basi. Izo sizifunsa mafunso.

Lachitatu, 4 Juni
Kwabwera Jesinta, mwana wanga wophunzitsa ku Boma, amene anandikonzera tsamba la pa intaneti. Akuti makina ofufuzira asintha kasankhidwe. Kale munthu akalemba "Chongoni" ndinkatulukira pamwamba ndine, poti dzinalo tinalibwereza kambirimbiri ngati mwana wolangidwa kusukulu. Tsopano akufuna nkhani zoona, zochokera kwa munthu wodziwa. Langa alikankhira kumbuyo kosafika munthu.
Ndati, nanga mwanga zoona mulibe?
"Bambo, munandilembetsa kuti muli ndi zaka 140."
Pamenepo ndinathira mchere pang'ono, sindikukana.

Lachisanu, 6 Juni
Jesinta waimba, mawu ali olemera. Pa tsambalo ndinaikitsaponso nthabwala yanga ya alendo, yakuti a Zikhalo, ineyo, anafa kale, wokuperekezaniyu ndi mzimu wawo. Anthu okopera za eni anaitenga, n'kusiya zoti ndi nthabwala. Ili pa masamba asanu, onse pamwamba pa langa. Ukafunsa dzina langa makina akuyankha okha: malemu.
Ndaseka kwambiri. Nditaika foni ndadzitsina pamkono.

Loweruka, 7 Juni
Nkhungu tsiku lonse. Galu sanandilandire.

Lolemba, 9 Juni
Kenan, mnzanga woperekeza alendo, wadutsa ndi azungu anayi. Ine ndili pamwala wanga pa njira, nditafunda bulangete. Iye kuloza: "Apa ndi pamene ankakhala malemu." N'kunditsinzinira diso, galu ameneyu. Mayi wina wajambula mwalawo. Ndakhosomola. Palibe wacheuka.
Pobwerera Kenan wandionetsa chithunzicho, mayiyo anamutumizira. Mwala ulipo. Pamwamba pake kanthu kotuwa, kaya ndine, kaya nkhungu.

Lachitatu, 11 Juni
Talembanso tsamba lonse ndi Jesinta. Zoona zokhazokha: zojambula zofiira zili kuti, zoyera zili kuti, kukwera ndi ola limodzi, zaka zanga 74. Kunena zoona kumatopetsa kuposa kulima mbatata. Akuti makinawo amadzadutsa tsiku lomwe afuna, kaya mwezi, kaya iwiri. Ndafunsa kuti wodandaula amapita kwa yani. Akuti kulibe munthu kumeneko.

Lachisanu, 13 Juni
M'mawa ndikusesa pakhomo, m'nkhungu mwatuluka munthu wa jekete lakuda, chipewa kumanja. Ezara, mng'ono wanga. Anapita ku Joni titakangana za munda, zaka khumi ndi ziwiri osalankhulana, ngakhale nambala yanga alibe. Mwana wake anamuwerengera pa foni kuti ndinafa. Wayenda masiku atatu pa basi kudzaona manda.
Waima patali, pa mpanda. Nthabwala zinali zitatu pakamwa panga, zonse zabwino. Palibe yatuluka.
"Achimwene," watero, "ndinu?"
Ndati ndine.
"Bweretsani dzanja."
Ndamupatsa. Dzanja la Juni, la munthu wosesa panja chiyambire mbandakucha, lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Waponya maso kunjira yomwe wadzera.
Koma sanalisiye.